Madzi Abwerera?

Basi inatitula pamwamba pa chitunda.
Kumunsiko sindifika, anatero dalaivala,
tsikani ndi miyendo yanu.
Tinatsetsereka, ine ndi Ndaziona,
chikwama chikudandaula pa miyala kumbuyo kwathu,
msewu ukupanikizika, ukupanikizikabe,
mpaka ndinakhudza nyumba ziwiri ndi zigongono.

Staithes.
Dzina lomwe ndinalimva zaka zitatu
m'chipinda nambala 14,
likutuluka m'kamwa mopanda mano mwa bambo Wilf.

Tchuthi cha masiku anayi:
ndinapempha mu Febuluwale, andipatsa mu Seputembala.

Kufika padoko, nyanja kulibe.
Maboti asanu ndi awiri agona chammbali m'matope
ngati ng'ombe zodwala,
zingwe zili lende, zobiriwira ndi ndere.
Ndaziona anandikoka malaya:
Amayi, atibera. Pachithunzi paja panali madzi.

Mayi wogulitsa nkhanu anaseka mpaka kutsokomola.
Yapita kokayenda, anatero, pofika hafu pasiti folo ikhala itadzaza.
Analoza pepala lomata pakhoma
pomwe alemba maola a nyanja
ngati ndandanda ya mashifiti athu:
kulowa, kuweruka, kulowanso.

Apo miyendo inandithera. Ndinakhala pamwala.

Paja m'bandakucha uliwonse,
ndikawatembenuza kuti asatuluke zilonda,
ndikawapukuta msana wopyapyala ngati pepala,
ankandigwira pamkono:
Madzi abwerera?
Ine n'kumati eya, abwerera, gonani,
kuyesa akunena za mpopi,
kapena mutu wangobalalika.
Ndinkalemba m'kaundula: asokonezekanso usiku uno.
Ndi dzanja langa lomweli.

Tinagula nsomba ndi tchipisi zokulunga m'pepala.
Viniga anapeza kabala ka pachala changa.
Chimbalame choyera, maso ngati a mwini katapila,
chinatera osaodira
n'kutsomphola nsomba yonse m'manja mwa mwana.
Analira, anaseka,
kenaka anachitukwana m'Chingerezi
chomwe ine sindinamuphunzitse.

Ankati kwawo kunali chitseko chabuluu
ndi masitepe atatu, lapakati losweka.
Ndawerenga zitseko zabuluu khumi ndi chimodzi.
Chilichonse chili ndi kabokosi ka makiyi pambali,
ka alendo olipira pa usiku, onga ife.
Sindinagogode. Ndikanafunsa ndani?
Anatisiya mu Malichi, Lachiwiri, ine ndili pa ofu.
Pofika Lachisanu bedi linali ndi mwini wina.

Madziwo sanabwere ndi ng'oma.
Analowa ngati otayikira kunsi kwa chitseko,
kalilime kakunyambita matope,
kubwerera pang'ono ngati aiwala kanthu,
kubweranso ndi anzawo.
Boti lofiira linadzuka loyamba,
linadzigwedeza, chingwe n'kukungika.
Kenaka lobiriwira. Kenaka lija lopanda dzina.
Mwamuna wina wa magambuti ofika m'ntchafu
anayamba kulonga misampha ya nkhanu
osayang'ana n'komwe kunyanja,
monga sucheukira mkazi wako akamalowa m'nyumba,
umangodziwa mapazi.

Abwerera, bambo Wilf.

Mukuyankhula ndi ndani? anafunsa Ndaziona,
milomo ili mbuu ndi mchere.
Ndinamumanga zipi mpaka pachibwano.
Mphepo ya kuno sipempha njira.

Usiku, m'kachipinda ka denga lotsika
komwe ndagunda mutu kawiri,
thupi linandidzutsa folo koloko
monga linazolowera,
manja akufunafuna magolovesi.
Palibe belu lalira. Palibe woti ndimutembenuze.
Mwana akupuma, mwendo umodzi kunja kwa bulangete,
mchenga uli m'mashiti.

Ndinatsegula zenera pang'ono.
Kunja kuli bii, kanyali kamodzi kumapeto kwa doko.
Sindinaone kanthu,
koma pansi apo china chake chinali kumenya khoma,
phwa, kenaka chete, phwa,
ndipo ndinaima osavala nsapato pa matabwa ozizira
kumvetsera ngati akulowa
kapena akupita.